Mphete Imene Inadikira Mavoti

Tedson ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo zimenezi sindizinena mokweza. Ndinamunyamula ali khanda kwathu ku Chia, anandikodzera malaya anga a kutchalitchi, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanasiye kundichititsa manyazi.

Dzina langa ndine Grey. Ndimasoka pakhonde la sitolo ina pa boma la Nkhotakota, ndipo chaka chino ndakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu ndikupalasa makina omwewo. Telala amadziwa anthu kuposa m'busa. M'busa amamva zimene munthu wasankha kunena, pomwe ine ndimayeza ndi tepi, ndipo tepi sinama.

Kwathu ku Chia mwana wamwamuna amaphunzira kupalasa bwato asanadziwe kulemba dzina lake. Tedson sanaphunzire. Ankati madzi amamuchititsa chizungulire. Akamutuma kowokera mpunga ankati matope amamuyabwa. Luso limene anabadwa nalo ndi loyang'ana amene ali ndi mphamvu pagulu n'kukaima pambali pake. Ku pulayimale ndiye ankalemba mayina a olongolola, ndipo ankalembamo ngakhale amene sanabwere kusukulu tsiku limenelo, bola aphunzitsi aone pepala lodzaza.

Atalephera Fomu 2, mlongo wanga anamutumiza kwa ine kuti aphunzire kusoka. Anakhala miyezi itatu akuthyola singano. Tsiku lina panadutsa lole ya chipani, anthu ali thithithi akuimba, ndipo Tedson anasiya buluku la mwini wake lili pamakina, n'kuithamangira. Anabwera mawa lake mawu atasasa, chitenje chachipani chili m'khwapa.

"Amalume, mundisokere shati. Nkhope ya abwana ikhale pamtima penipeni."

Imeneyo inali yoyamba. Lero palibe mtundu wa chipani m'dziko muno umene sindinaudule pa muyeso wa Tedson. Mphepo ikangotembenuka, iye amakhala atatembenuka kale, ndipo shati yakale amaipatsa mayi ake kuti azipukutira mbale. Chaka china anandipempha shati yovala konsekonse, kunja mtundu wina, mkati mtundu wina, kuti akakumana ndi lole yolakwika pamsewu azingoitembenuza kuseri kwa mtengo. Ndinamutukwana mpaka anthu anaima pamsewu. Kenako ndinamusokera, chifukwa telala amasoka zimene wapatsidwa.

Mukamufunsa ntchito yake amati ndi kodineta. Kudineta kwake n'kunyamula mpando wa abwana, kuwagwirira ambulera, kuyambitsa nyimbo, ndi kuseka abwana asanamalize nthabwala. Abwana akakhala Msilamu, Lachisanu mumupeza Tedson pakhomo la mzikiti atavala kofiya, akupereka salamu ngati anabadwira momwemo. Abwana akakhala Mkhristu, Lamulungu ali pa benchi yakutsogolo ndi Baibulo lobwereka. Anabatizidwa ali mwana ku Chia, koma kalata yake ya mpingo sanaitengepo kupita nayo kulikonse. Munthu wa zaka makumi atatu ndi ziwiri, dzina lake silili m'buku la aliyense.

Mmene Zelifa anagwera m'manja mwa munthu ngati ameneyu, mpaka lero ndimadzifunsa. Ndi mphunzitsi wa pulayimale ku Liwaladzi, mtsikana wodekha, wolankhula pang'ono, amene amatsogolera kwaya ya achinyamata pampingo wawo. Anakumana pa kalembera wa mavoti, iye akulemba mayina, Tedson ataima pakhomo ngati monitala wa chipani. Tsiku lililonse ankamubweretsera madzi ozizira ndi mandasi. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akusangalatsa mabwana sangalephere kusangalatsa mtsikana mmodzi amene wakhala padzuwa kuyambira m'mawa.

Atate ake a Zelifa ndi a Zangaphee, mlembi wa mpingo wa kumeneko. Ndi munthu wamtali, wowonda, amene amasita jekete lake yekha. Lamulungu lililonse iwo ndiwo amaima kutsogolo n'kuwerenga zolengeza. Amayamba ndi zamisonkhano, kenako mayina a amene akumanga banja, ndipo pamapeto, likakhalapo, amawerenga pepala la amene bwalo la akulu ampingo lawaimitsa. Woimitsidwa akamva dzina lake amanyamuka pamene wakhala n'kupita ku benchi yakumbuyo, mpingo wonse ukumuyang'ana.

Bambo ake a Tedson anamwalira kalekale, ndipo monga malume wake, unkhoswe unagwera ine. Ndinakwera minibasi ya ku Dwangwa, n'kutsika pa Liwaladzi, ndipo ndinakhala pamphasa ndi amalume ake a Zelifa. Zinthu zinayenda bwino kwambiri moti ndinayamba kukayika. Tinagwirizana kuti chinkhoswe chichitike Loweruka lomaliza la Juni, anthu atamaliza kukolola mpunga, ndipo ukwati wa kutchalitchi utsatire mu Julayi. Tedson analonjeza kukatenga kalata yake ku Chia. Ndinabwerera ndikuti mwina mwana uja wakula.

Sabata yomweyo anapita ku Lilongwe, atanyamula chikwama cha bwana wina amene anaitanidwa ku chinkhoswe cha anthu olemera. Anabwerako mutu utazungulira.

"Amalume, simunaone kanthu inu! Mphete ya dayamondi, koma osati woyera uja wa aliyense ayi. Wachikasu! Emusi anachita kuimitsa nyimbo kuti alengeze. Anthu anaimirira pamipando kuti aone chala."

Ndinamuuza kuti chinkhoswe ndi tambala ndi msoti, khasu, nkhwangwa, lichero ndi mphasa. Mphete ndi zongobwera dzulodzuloli, ndipo amene akuifuna amagula pamsika pomwe pano n'kuvekana, ukwati n'kukhala.

"Zanu ndi zakale, amalume. Ine ndine munthu wodziwika. Mkazi wanga sangavale chitsulo cha pamsika."

Wodziwika! Amadziwika ndi madalaivala a malole.

Anali ndi mnzake wa kusukulu, Habibu, amene ali ku Joni, ndipo amagwira ntchito yaulonda pafupi ndi sitolo ya mphete. Habibu anayamba kutumiza zithunzi pa foni. Wachikasu wowala, wachikasu wotuwa, wabuluu, wapinki, wobiriwira, wina wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Anafotokoza kuti miyala imeneyi ndi yopangidwa ku fakitale, n'chifukwa chake munthu wamba angathe kuifikira, koma ndi dayamondi ndithu ndipo imabwera ndi pepala lake. Ngati zinali zoona kapena ayi, ine sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti Habibu anachita mbali yake. Anangoti: sankha mtundu, unditumizire muyeso wa chala, pakatha milungu iwiri mphete ifika pa basi.

Sankha mtundu. Munthu wina aliyense akanatha ntchito imeneyi asanamalize kumwa tiyi.

Koma chinali chaka chachisankho. Kudera kwathu mpikisano wa phungu unali pakati pa anthu awiri oima paokha, onse ogwa ku mapulaimale a zipani zawo. Wina anasankha nsalu yachikasu ndi chizindikiro cha mtolo wa mpunga, anthu n'kumangomutchula a Mpunga. Wina anasankha yabuluu ndi chizindikiro cha nkhafi, n'kukhala a Nkhafi. Palibe amene ankadziwa wopambana, ngakhale asing'anga awo. Tedson ankadya konsekonse. M'mawa anali kwa a Mpunga, masana kwa a Nkhafi, ndipo aliyense wa iwo ankakhulupirira kuti Tedson amapita kwa mnzakeyo kukazonda.

Mu Meyi Zelifa anabwera kudzayezetsa diresi la chinkhoswe. Anabwera ndi nsalu yake ya lesi yoyera, yogula yekha. Ndinayeza, n'kulemba m'kabuku kanga. Chakumayambiriro kwa Juni anabweranso kudzayesa diresi ndisanamalize, ndipo zipi inakana kukwera. Ine sindilakwitsa muyeso. Ndinatenga tepi n'kuzunguliza m'chiuno, kenako pachifuwa, n'kuyang'ana m'kabuku. Ndinayezanso kachiwiri, ngakhale ndinali nditadziwa kale. Nditakweza maso ndinapeza akundiyang'ana.

"Amalume, musiye msoko waukulu mkati," anatero motsitsa mawu.

"Tedson akudziwa?"

"Ndinamuuza sabata yatha. Anasangalala. Akuti akhala mwamuna."

"Nanga kunyumba?"

Anapukusa mutu. Kenako anagwira m'mphepete mwa tebulo langa ndi manja onse awiri.

"Tsiku lisasunthe, amalume. Sindikupempha china. Chinkhoswe chikachitika mwezi uno, ukwati mwezi wamawa, anthu adzawerenga miyezi kunyumba kwawo n'kukhala chete. Koma likasuntha, abambo adzawerenga dzina langa papepala lomaliza lija. Ndi pakamwa pawo."

Ndinamuuza kuti asade nkhawa, ine ndine nkhoswe. Ndinanena molimba mtima kwambiri, ndipo ndimachita manyazi ndikakumbukira. Pofuna kusintha nkhani ndinamufunsa mtundu wa mwala umene ankaufuna iye. Anaseka pang'ono.

"Ndinu woyamba kundifunsa. Ngakhale ya waya, amalume. Bola tsiku lisasunthe."

Patangotha masiku anayi Tedson anafika pakhonde panga, anakhala pa benchi, n'kuyamba kukanda mutu. Ndimamudziwa. Akakanda mutu ndiye kuti akufuna ndimunyamulire chonyansa.

"Amalume, mukawapemphe a ku Liwaladzi atisunthireko tsiku pang'ono."

Ndinasiya kupalasa makina.

"Ukuti chiyani?"

"Mphete sinakonzeke."

"Sinakonzeke kapena sunasankhe?"

Apa ndi pamene anaulula zimene anachita, ndipo ankafotokoza monyadira, ngati wapeza nzeru imene anthu onse inawadutsa. Anali atapita kwa a Mpunga n'kuwauza kuti, bwana, ine ndimakukondani mpaka mkazi wanga ndikumuveka dayamondi wachikasu, ndipo mlendo wolemekezeka pa chinkhoswe changa ndinu. A Mpunga anamukumbatira n'kumulonjeza mpando mu komiti ya chitukuko. Tsiku lomwelo masana anapita kwa a Nkhafi ndi mawu omwewo, anangosintha mtundu. Iwonso anamulonjeza mpando womwewo. Tsopano mabwana awiri ankadikira kalata yowaitana, aliyense akuyembekezera kuona mtundu wake pachala cha mwana wa a Zangaphee.

"Ndiye mukuona, amalume, panopa sindingasankhe. Ndikangosankha, ndadula nthambi imodzi, ndipo mwina ndi yomwe ili ndi zipatso."

"Gula wapinki. Gula woyera. Usaitane aliyense."

"Aaa, amalume, ndale simuzidziwa. Wapinki ndiye kuti ndawanamiza onse awiri."

"Nanga sunawanamize?"

Anatulutsa foni n'kumujambulira Habibu mawu, ine ndili pomwepo, kumufunsa ngati kulibe dayamondi amene amaoneka wachikasu padzuwa koma wabuluu m'nyumba. Habibu anayankha kuti sitoloyo imagulitsa mphete, osati abilimankhwe.

Ndinamukumbutsa za mimba. Ndinamuuza za pepala la a Zangaphee, za benchi yakumbuyo. Ndinamuuza kuti tichite chinkhoswe ndi nkhuku zathu, mphete idzabwera pambuyo. Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti ayende wamaliseche pamsika.

"Chinkhoswe chopanda mphete, boma lonse nditaliuza kale? Zelifa ndi wochepa thupi, sizioneka msanga. Tingosunthira mu Ogasiti, pofika nthawi imeneyo mphepo idzakhala itaoneka kumene ikulowera."

Ndikanakana. Ndikanamugwira pakhosi n'kumukwezera minibasi kuti akanene yekha. Koma nkhoswe ndi amene amanyamula mawu, ndipo ndinaopa kuti ndikamusiya, athawa osanenako kalikonse. Ndinapita ku Liwaladzi ndi bodza limene ndinalisoka ndekha mu minibasi, lakuti mphete yakanirira pa chipata cha m'malire. Amalume ake a Zelifa anamvetsera mpaka kumapeto.

"A Grey, kodi ife tikukwatitsa mwana kwa munthu kapena kwa mphete?"

Komabe anavomera kusuntha tsiku mpaka Ogasiti. Potuluka ndinaona Zelifa ataima pakhomo la khitchini. Sanandipatse moni, ndipo ndinamumvetsa.

Ogasiti anafika mphepo isanaoneke kumene ikulowera. A Mpunga anagawa mabulangete, a Nkhafi anagawa maukonde. Tedson analandira zonse ziwiri. Zelifa anayamba kumanga chitenje m'mwamba ndi kuvala juzi ngakhale kuzizira kutatha. Amayi a ku Liwaladzi si ana. Ankamupatsa moni akuyang'ana pamimba.

Zelifa anabwera kachitatu pakhonde panga Loweruka lina m'mawa. Ndinamasula msoko wonse umene ndinasiya, mpaka nsalu inatha, koma zipi inangofika pakati pa msana. Tedson anatipeza tili pomwepo. Anafika pa njinga yamoto ya kampeni, akununkha mafuta onunkhira a abwana ake, n'kufuna kumugwira paphewa. Zelifa anasuntha.

"Tedson, ndiyang'ane. Osati foni, ineyo. Ukuona chiyani?"

"Ndikuona mayi wa mwana wanga, mkazi wa wapampando wa chitukuko."

"Loweruka likubwerali. Tambala mmodzi, amalume ako ndi amalume anga. Palibe nyimbo, palibe mlendo wolemekezeka. Anthu amve kuti pali ankhoswe, basi."

"Milungu isanu yokha, Zeli. Tikangovota, mawa lake ndikuyimbira Habibu. Ndikuchitira iwe zimenezi. Ukufuna mwana wathu adzakule akudya chiyani?"

"Mphete sindikuifuna."

"Ukutero lero. Ukadzaiona udzalira ndi chimwemwe."

Ndipo chitsirucho chinatulutsa foni n'kuyamba kumuonetsa zithunzi, chikukuza ndi zala kuti aone mmene mwala umanyezimira. Chinamufotokozera kuti wachikasu amakhala bwino pa golide, wabuluu pa chitsulo choyera, ndipo onse awiri amawala pakhungu lakuda ngati lake. Zinali zoona, miyalayo inali yokongola. Zelifa anayang'ana foni ija nthawi yaitali, kenako anavula diresi kuseri kwa katani, analipinda bwinobwino n'kuliika patebulo langa, ndipo anapita kukakwera minibasi osatsanzika aliyense.

"Ndi mimba imeneyo," anatero Tedson. "Imawapsetsa mtima."

Ndinali ndi sizasi m'manja. Ndinaiika pansi mwadala.

Ulendo wachiwiri wokapempha ku Liwaladzi kuti tsiku lisunthe sindinanyamule bodza, chifukwa linali litatha. Ndinangoti mwana wathu akupempha kuti tidikire chisankho chidutse. Amalume ake a Zelifa sanandipatse ngakhale madzi akumwa. Anati nkhani ya mimba aimva kale kuchokera kwa amayi ake a Zelifa, ndipo bambo ake akudziwa, koma sanatulutse liwu. Anati adikira mpaka Seputembala, osati chifukwa cha ulemu wanga, koma chifukwa palibe china chimene angachite.

Tinavota. Patatha masiku atatu wailesi inalengeza kuti a Nkhafi apambana ndi mavoti ochepa kwambiri, osakwana anthu a mu lole ziwiri. Sindinasangalalepo ndi kupambana kwa wandale aliyense ngati tsiku limenelo. Tedson anadutsa pakhonde panga ali buluu kuyambira chipewa mpaka sokosi, akuimba kuti iye anadziwa kuyambira kale. Ndinamukoka mkono n'kumukhazika pa benchi.

"Imba foni. Pompano."

Anaimba. Ndinamva ndi makutu anga akumuuza Habibu kuti wabuluu, wowala uja, pa chitsulo choyera. Ndinatumiza uthenga ku Liwaladzi kuti zatheka, akonze Loweruka lachiwiri. Ndinatulutsa diresi lija n'kuyamba kuganiza mmene ndingalowetsere nsalu ina m'mbali kuti limukwane popanda kuoneka chigamba.

Mawa lake masana Tedson anabweranso, atavala shati yoyera yopanda nkhope ya munthu. Anakhala pa benchi n'kuyamba kukanda mutu.

"Amalume, mwamva? A Mpunga apita kukhoti. Akuti mabokosi awiri anawerengedwa molakwika. Maloya awo ndi a ku Blantyre, si masewera."

"Ndiye?"

"Ndamuuza Habibu ayambe waima kaye."

Sindikumbuka zonse zimene ndinanena. Mwini sitolo anatuluka kudzandigwira, ndipo amayi ogulitsa chinangwa tsidya la msewu anasiya malonda awo. Ndinamuuza kuti galu amadziwa pakhomo pake, iye sadziwa. Ndinamuuza kuti mlongo wanga akanabereka mtondo bwenzi tikusinjiramo. Iye anangokhala, akugwedeza mutu mwaulemu, monga amachitira bwana akamamukalipira. Kutukwanidwa ndi ntchito yake ya tsiku ndi tsiku, sikumulowa.

"Khoti silichedwa, amalume," anatero nditatopa. "Mwezi umodzi, ikachuluka iwiri. Tadikira kale nthawi yonseyi, tiwonongerenji kumapeto?"

Ulendo wachitatu sindinapite. Ndinalibe nkhope yopita nayo. Ndinatumiza uthenga pa foni ngati wakuba, ndipo sanandiyankhe.

Mu Okutobala, Lachinayi lina, amalume ake a Zelifa anabwera okha pakhonde panga. Anakana kukhala pansi. Anati akulu ampingo anafika kunyumba, anamufunsa mwana, ndipo iye sanabise kanthu. Bwalo linakhala, chigamulo chinaperekedwa. Abusa anapempha kuti Lamulungu limenelo zolengeza awerenge mkulu wina, koma a Zangaphee anakana. Anati awerenga mayina a ana a anthu ena zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu osadwala tsiku limodzi, sangayambe kudwala lero.

"Mubwere Lamulungu, a Grey," anatero amalume aja. "Mubwere naye mkamwini wathu wa dayamondi. Mudzamve ntchito yanu."

Ndinamufunafuna Tedson masiku awiri. Ndinamupeza Loweruka pa depoti, akukwera lole yopita ku Lilongwe, kumene mlandu unkayamba Lolemba. Ankapita kukaimba panja pa khoti. Sindinafunse kuti akukaimbira ndani. Ndinamuuza za Lamulungu, ndipo nkhope yake inagwa ndithu, pang'ono.

"Mukamuuze Zelifa alimbe mtima. Zampingo zimatha, amangolowa kalasi miyezi ingapo n'kubwezeretsedwa. Mukamuuze kuti ndikabwera ndi nkhani yabwino."

Lole inanyamuka iye atayamba kale kuwomba m'manja.

Ndinafika ku Liwaladzi mapemphero atangoyamba, ndipo ndinakhala kumbali ya abambo, pafupi ndi zenera. Kunkatentha kwambiri, malata akulira. Zelifa anali kutsogolo ndi kwaya yake, atavala yunifolomu imene sinkamukwananso. Akanatha kujomba, ambiri amatero, dzina limawerengedwa mwini wake ali kunyumba. Iye anabwera, ndipo anatsogolera nyimbo ziwiri mawu ake osanjenjemera.

A Zangaphee anaimirira ndi mapepala awo. Anavala magalasi. Analengeza za msonkhano wa amayi Lachinayi, za njerwa za nyumba ya abusa, za maliro a kumudzi wina. Anawerenga mayina a anthu awiri amene akumanga banja mwezi wamawa, ndipo amayi analuluta pang'ono. Kenako anatembenuza pepala. Aliyense ankadziwa. Ena anabwera chifukwa cha chimenechi.

"Bwalo la akulu ampingo, litakhala Lachitatu, laimitsa pa mgonero ndi pa maudindo onse mkhristu uyu, chifukwa cha mimba ya kunja kwa ukwati."

Anaima. Anagwira pepala ndi manja onse awiri.

"Zelifa Zangaphee."

Analitchula momveka, silabo iliyonse, monga amatchulira la wina aliyense. Pa milandu yotere mayina amakhala awiri, wamkazi ndi wamwamuna, ndipo anthu anadikira lachiwiri mwachizolowezi. Panalibe lachiwiri. Mpingo sungaimitse munthu amene sunamulembepo.

Zelifa ananyamuka. Anapereka buku la nyimbo kwa mtsikana amene anakhala naye pafupi, n'kuyamba kuyenda pakati pa mabenchi, dzanja limodzi lili pamimba. Tchalitchi cha ku Liwaladzi si chachikulu, koma ulendo umenewo unatalika. Podutsa pamzere wanga sanatembenuke, ndipo ndinathokoza Mulungu chifukwa cha zimenezo, chifukwa sindikanatha kumuyang'ana.

Bambo ake anaimabe kutsogolo, akumuperekeza ndi maso mpaka anakhala pansi pa benchi yomaliza, yekha. Anapinda pepala kawiri n'kuliika m'thumba la jekete. Anatsegula pakamwa kuti atchule nambala ya nyimbo yotsatira, monga amachitira Lamulungu lililonse, koma mawu sanatuluke. Anayesanso. Mpingo wonse unadikira, mabuku ali m'manja.

Nyimboyo anaiyambitsa Zelifa, kuchokera kumbuyo.